Zizindikiro zimene maso amaona koma khutu silimva: mmene zolemba zathu zimawafikira anthu osaona

Mwezi wathawu pa gulu la WhatsApp la kumudzi kwathu panabwera uthenga wa maliro. Amene anaulemba anafuna kuti uoneke mwaulemu, ndiye dzina la mudzi, tsiku ndi nthawi ya mwambo anazilemba m'zilembo zakuda bii, zopendekeka, zija anthu amakopera pa intaneti, kumapeto n'kundandalika timanja topemphera 12. Sipanapite nthawi, alamu anga, amene ndi aphunzitsi ndipo saona, anandiimbira.

"Alamu, pagulupa akuti chiyani? Foni yanga yanena zoti kwagwa zovuta, koma pa tsiku ndi malo yangodumpha. Kenako ikungobwereza folded hands, folded hands, osatha."

Ndinawawerengera uthengawo pa foni pomwepo, ndipo kumaliro anapita. Koma zinandikhudza kuti mawu amene mlembi anawakometsera kwambiri, poti ndiwo anali ofunika, ndi omwewo amene anasowa. Wolembayo sanalakwe dala. Ambiri a ife sitidziwa kuti chimene diso likuona pa sikirini ndi chimene kompyuta yasunga mkati ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo munthu wosaona amalandira chachiwiricho.

## Screen reader n'chiyani?

Screen reader ndi pulogalamu imene imawerenga mokweza zonse zili pa sikirini ya foni kapena kompyuta: mauthenga, mabatani, mitu ya nkhani, mabokosi a fomu. Munthu amaiyendetsa ndi kiyibodi kapena poseweretsa chala pa galasi la foni, ndipo iyo imamuuza pamene wafika. Ena amailumikiza ku kachipangizo kamene kamatukula timadontho ta Braille kuti aziwerenga ndi zala.

Odziwika kwambiri ndi anayi. JAWS ndi yogula, ndipo ya pa Windows inatuluka mu 1995. Anaiyambitsa ndi Ted Henter wa ku America, amene anasiya kuona atachita ngozi ya galimoto. NVDA ndi yaulere. Anaiyamba mu 2006 ndi Michael Curran wa ku Australia, kenako anagwirizana ndi James Teh, onse awiri osaona. VoiceOver imabwera kale m'zipangizo za Apple, ndipo pa iPhone inafika mu 2009. TalkBack ndi ya mafoni a Android, kutanthauza kuti Tecno, itel kapena Samsung imene ili m'thumba mwanuyo mwina ili nayo kale, kungoti simunaitsegulepo.

Chofunika kuchigwira bwino n'chakuti pulogalamuyi, pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, siyang'ana sikirini ngati mmene ife timachitira. Imafunsa kompyuta kuti, "Apa pali chiyani?" ndipo imanena zimene yauzidwa.

## Chilembo chilichonse chili ndi chiphaso chake

Kompyuta sidziwa chilembo ndi nkhope. Imachidziwa ndi nambala. Pali kaundula wamkulu wa dziko lonse wotchedwa Unicode, amene anatuluka koyamba mu 1991, ndipo lero muli zilembo ndi zizindikiro zoposa 150,000. Chilichonse chili ndi nambala yake ndi dzina lake. Chilembo A ndi nambala 65. Mpumiro uli ndi yake, mfunsiro uli ndi yake, zilembo za Chiarabu ndi za Chitchaina zili ndi zawo.

Tingayerekeze ndi chiphaso cha unzika. Munthu akhoza kuvala suti lero, mawa yunifolomu ya kwaya, koma nambala ya pachiphaso sisintha. Zovalazo ndiye fonti, kutanthauza kaonekedwe ka zilembo monga Arial kapena Times New Roman. Mukadetsa mawu mu Word podina B, mwangowasintha zovala. Chiphaso chili chomwecho, ndipo screen reader iwawerenga bwinobwino. Vuto limayamba pamene tatenga munthu wina, wa chiphaso china, n'kumuimika pamzere chifukwa choti akufanana nkhope ndi amene timamufuna.

Izi ndi zomwe zinachitika ndi uthenga wa maliro uja. Taonani mawu awa: 𝐋𝐚𝐜𝐡𝐢𝐬𝐚𝐧𝐮. Diso likuwerenga kuti Lachisanu. Koma palibe chilembo ngakhale chimodzi pamenepo chimene chili L, a kapena c wamba. Zonsezo zachokera m'gulu la zizindikiro za masamu pafupifupi 1,000 zimene zinalowa mu Unicode mu 2001, kuti akatswiri a masamu ndi sayansi azitha kusiyanitsa A wakuda ndi A wopendekeka pamene awiriwa akuimira zinthu zosiyana m'samu imodzi. Dzina lenileni la chilembo choyambacho ndi "mathematical bold capital L". Ndiye screen reader ina imatchula dzina lonseli pa chilembo chilichonse, mawu amodzi n'kukhala chiganizo chotalika chosamveka mutu wake. Ina, ikapeza kuti sikuchidziwa, imangokhala chete n'kupitirira, ngati mmene foni ya alamu anga inachitira. Kukhala cheteko ndiye koopsa kwambiri, chifukwa munthu sadziwa n'komwe kuti waphonya kanthu.

Opanga mapulogalamuwa sanangokhala. Mu 2024 NVDA inawonjezera njira yosandutsa zilembo zoterezi kukhala zilembo wamba isanaziwerenge. Koma si onse ali ndi pulogalamu yatsopano, si onse ali pa kompyuta, ndipo mafoni akale amangoonetsa timabokosi topanda kanthu ngakhale kwa munthu woona. Komanso mukafufuza mawu akuti Lachisanu m'chikalata, nthawi zambiri olembedwa mwamtunduwu sapezeka. Pa WhatsApp njira yabwino ilipo kale: ikani kanyenyezi kumayambiriro ndi kumapeto kwa mawu, adzada okha, zilembo zake zili zenizeni.

## Timizere tofanana nkhope

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa zolakwika zake zimakhudza ndalama ndi thanzi.

Pa kiyibodi pali kamzere kamodzi kokha kogona, kamene timakagwiritsa ntchito pa chilichonse: kudula mawu, kulemba zigoli za mpira ngati 2-1, kusonyeza kuyambira tsiku lina kufika lina, ndiponso kuchotsera. Koma mu Unicode muli timizere tingapo. Pali mdulamawu wa pa kiyibodiwo, pali wotalikirapo wosonyeza kuyambira apa kufika apo, pali wautali kwambiri, ndiye pali chizindikiro chenicheni cha kuchotsera, chimene nambala yake imalembedwa kuti U+2212. Screen reader ikakumana ndi mdulamawu imayenera kulota tanthauzo lake, ndipo nthawi zambiri imangoudumpha, chifukwa ikanati izitchula mdulamawu uliwonse m'nkhani, palibe akanapirira kuimvetsera.

Tsopano ganizirani lipoti la msungichuma wa banki m'khonde limene lalembedwa kuti -K30,000. Woona akuona kuti pali ngongole. Womvetsera akhoza kumva K30,000 basi, n'kuganiza kuti ndalama zilipo. Ganizirani gulu la magazi lolembedwa O- kapena zotsatira zolembedwa HIV- pamene kamzereko ndiye nkhani yonse. Chizindikiro chenicheni cha kuchotsera chimathandiza, ngakhale nachonso si mapulogalamu onse amene amachitchula nthawi zonse. Pa nkhani zazikulu ngati izi, ine ndimaona kuti palibe choposa kulemba m'mawu: "ngongole ya K30,000", "sanapezeke ndi kachilombo".

Amapasa oterewa alipo ambiri. Chilembo x si chizindikiro cha kuchulukitsa. Chenichenicho ndi ×, ndipo "3 x 4" ikhoza kumveka kuti "3 ekisi 4". Kabwalo kakang'ono ka madigiri, °, kali ndi mnzake wofanana naye, º, amene amagwira ntchito m'Chipwitikizi ndi Chisipanishi polemba woyamba, wachiwiri. Anthu ambiri amasankha wolakwikayo chifukwa pa sikirini sasiyana. Ena amangotenga chilembo o n'kuchikweza m'mwamba, ndiye kutentha kwa madigiri 30 kumamveka ngati "30 o C".

Ndiye pali µ, kamene kamaimira maikulo pa muyezo wa mankhwala. Maikulogalamu 1,000 ndiwo amapanga miligalamu imodzi. Kale anthu ankalemba chizindikirochi potaipa m wamba n'kumuveka fonti yotchedwa Symbol, imene imamuonetsa ngati µ. Pa sikirini zikuoneka µg, koma mkati mwasungidwa mg. Screen reader iwerenga mg, ndipo fontiyo ikasowa pa kompyuta ina, ngakhale woona aona mg. Muyezo wakwera ka 1,000 popanda wina kusintha nambala. Ngakhale polemba pamanja µg amasokonezeka ndi mg, n'chifukwa chake akatswiri oona za chitetezo cha mankhwala amalangiza kulemba mcg kapena mawu onse.

## Chifukwa chiyani pulogalamu imadumpha zina?

Munthu akamawerenga kalata mokweza m'tchalitchi satchula kuti "mpatuliro" kapena "mpumiro". Amangopuma pang'ono, kapena kukweza mawu pa funso. Screen reader imayesa kuchita chimodzimodzi. NVDA ndi JAWS zili ndi milingo imene mwini wake amasankha: osatchula chizindikiro chilichonse, kutchula zina, kutchula zambiri, kapena kutchula zonse. Wowerenga nyuzi amakonda mlingo wotsika kuti nkhani iziyenda. Wolemba mapulogalamu a kompyuta amakweza, poti kwa iye mkutiramawu uliwonse ndi wofunika.

Choncho wolemba sangadziwiretu chimene owerenga ake adzamve. Chizindikiro chomwecho chikhoza kutchulidwa pa iPhone, kudumphidwa pa kompyuta, kapena kutchulidwa ndi dzina lina pa Android. Zimadaliranso mawu amene pulogalamuyo ikugwiritsa ntchito polankhula, komanso chinenero chimene yaikidwa.

Chitsanzo chapafupi ndi manambala amene timadina potumiza ndalama pa foni, ngati *211# kapena *444#. Kanyenyezi ndi hashi zikadumphidwa, wotsala ndi 211, imene siigwira ntchito. Anthu osaona ozolowera amadziwa kubwerera m'mbuyo n'kumvetsera chilembo chimodzichimodzi, koma amatero pokhapokha akakayikira kuti pali chimene chasowa. Kulemba kuti "dinani sitala, 211, hashi" pambali pa nambalayo kumachotsa chikaikocho. N'chimodzimodzinso ndi kanyenyezi ka pa fomu kosonyeza kuti bokosi ili musalisiye: ndi bwino kulembapo mawu akuti "pofunika kudzaza".

## Chizindikiro chochonga chimene chili ü

M'maofesi ambiri muli mafomu ndi malipoti a mu Word amene ali ndi timabokosi, zizindikiro zochonga ndi zothetha. Zambiri mwa izo zinachokera mu fonti ya Wingdings, imene yakhala mu Windows kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Fontiyi ilibe zilembo. Malo a chilembo chilichonse inaikapo kachithunzi. Pa malo a ü pali chizindikiro chochonga, pa malo a û pali chothetha, pa malo a J pali kankhope komwetulira. Amene akhala akulandira maimelo kwa zaka zambiri akumbukira J wosadziwika bwino amene ankapezeka kumapeto kwa chiganizo: wotumiza anaika kankhope, koma foni ya wolandira inalibe Wingdings, ndiye inaonetsa chilembo chimene chinali pansi.

Screen reader nayo imakumana ndi chilembo cha pansicho, kapena nambala yopanda dzina imene singaitchule. Ndiye tebulo losonyeza amene alipira ndi amene sanalipire limamveka ngati ü, û, ü, kapena mabokosi onse amakhala zii. Unicode ili ndi chochonga chake chenicheni, ✓. Mu Word mukalemba 2713 n'kudina Alt ndi X pamodzi, chimatuluka. Komabe m'tebulo lotere mawu akuti "walipira" ndi "sanalipire", kapena "inde" ndi "ayi", amamveka kwa aliyense, kuphatikizapo amene sasiyanitsa mtundu wofiira ndi wobiriwira.

Pa masamba a intaneti vuto lomweli limabwera ndi mafonti a tizithunzi, amene amapereka kachithunzi ka ngolo yogulira zinthu, kagalasi kofufuzira kapena timizere titatu ta menyu. Tizithunziti timaikidwa pa manambala a Unicode amene anasiyidwa dala opanda dzina kuti aliyense azigwiritsa ntchito mmene akufunira. Batani likakhala ndi kachithunzi kotere kokha, wosaona amangomva kuti "button", osadziwa ngati akadina atumiza ndalama kapena afufuta zonse.

## Ma emoji

Ma emoji ali pabwino kuposa zonse tatchulazi. Analowa mu Unicode mochuluka mu 2010, ndipo aliyense ali ndi dzina lovomerezeka limene mapulogalamu amatchula: kankhope koseka mpaka misozi ndi "face with tears of joy". Mbendera ya Malawi ndi yochititsa chidwi: mkati mwake ndi zizindikiro ziwiri zapadera, M ndi W, zimene foni imazilumikiza n'kujambula mbendera, n'chifukwa chake pa makompyuta ambiri a Windows, amene sazilumikiza, mumangoona MW.

Vuto la ma emoji ndi kuchuluka ndi malo amene aikidwa. Timanja 12 tija ndi mayina 12 kwa amene pulogalamu yake siiwerenga mophatikiza. Kuika kuwomba m'manja pakati pa liwu lililonse kumadula chiganizo zidutswazidutswa. Kuika emoji m'malo mwa mawu, monga kachithunzi ka basi m'malo molemba kuti basi, kumadalira kuti dzina la Chingerezi la kachithunziko ligwirizane ndi zimene mumaganiza, ndipo nthawi zina siligwirizana. Alamu anga amati emoji imodzi kapena ziwiri kumapeto kwa uthenga amazikonda, poti zimawauza ngati munthu akuseka kapena wakhumudwa. Chimene chimawatopetsa ndi dzina la munthu pa gulu lokhala ndi maluwa ndi mitima 6, limene ayenera kulimva lonse nthawi iliyonse munthuyo akalemba.

Nkhope zopangidwa ndi zizindikiro za pa kiyibodi ndiye zovuta kwambiri. Kamunthu kokweza mapewa kaja, ¯\_(ツ)_/¯, kali ndi chilembo cha Chijapani pakati, ndipo pomvetsera kamangokhala mndandanda wa mayina a timizere. Mizere yokongoletsa ya tinyenyezi 40 pamwamba pa chidziwitso nayonso ndi phokoso chabe.

## Za ife olemba Chichewa

Chichewa chili ndi zizindikiro zake ziwiri zofunika kuzisamala. Choyamba ndi ŵ, w wovala kachipewa, amene ena amamulemba m'mawu ngati Malaŵi. Ali mu Unicode pa U+0175, ndipo timagawana ndi chinenero cha ku Wales. Angalembedwe ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachipewa kapadera kamene kompyuta imakakhazika pamutu pake. Pa sikirini sizisiyana, koma njira yoyambayo ndi imene mapulogalamu ambiri savutika nayo.

Chachiwiri ndi nkhodolero, imene kwa ife si chokongoletsa: ng'ombe, ng'oma, m'nyumba, n'chifukwa. Pa kiyibodi pali nkhodolero yeniyeni, koma palinso kachizindikiro kopendekeka kamene kali pakona ya kumanzere pansi pa Esc, ndipo ndaona zikalata zambiri zolembedwa ndi kameneko. Pulogalamu sikaona ngati mbali ya liwu, ndiye imatha kudula ng'ombe pakati kapena kutchula dzina la kachizindikiroko mkati mwa liwulo.

Pamwamba pa izi, anthu ambiri osaona kuno amamvetsera Chichewa chikuwerengedwa ndi mawu opangidwira Chingerezi. Khutu limazolowera, ndipo alamu anga amamva Chichewa chopotokacho pa liwiro limene ine sindingatolepo kanthu. Koma kuzolowerako kumadalira kuti mawu alembedwe mokhazikika. Chizindikiro chachilendo chikalowa pakati pa liwu, chimene khutu linazolowera chimasokonekera. Opanga masamba a intaneti ayeneranso kuuza kompyuta chinenero cha tsamba lawo; chizindikiro cha Chichewa ndi ny, ndipo chimalembedwa kuti lang="ny". Kumbali ya Braille, NVDA ili ndi tebulo la Braille ya Chichewa cha ku Malawi, lochokera ku pulogalamu yomasulira Braille yotchedwa Liblouis.

## Pamene chizindikiro chiyenera kukhalapo

Sikuti zizindikiro zonse zichotsedwe. Pali njira zozipatsa mawu obisika amene woona sawaona koma screen reader imawatchula.

Pa intaneti, bungwe la W3C, limene limakhazikitsa malamulo a kapangidwe ka masamba, linakonza zida zotchedwa ARIA. Wopanga tsamba akhoza kuuza pulogalamu kuti chizindikiro ichi chitengedwe ngati chithunzi polemba role="img", n'kuchipatsa dzina ndi aria-label. Nyenyezi zoyamikira malo ogona, zitatu zakuda ndi ziwiri zoyera, m'malo momveka "black star" katatu ndi "white star" kawiri, zimamveka kuti "nyenyezi 3 mwa 5". Chizindikiro chongokometsera, chimene pambali pake pali kale mawu, chimabisidwa ndi aria-hidden="true" kuti chisachite phokoso. Ndipo batani lililonse likhale ndi dzina lonena ntchito yake, "tsekani" kapena "fufuzani", osati lofotokoza mmene kachithunziko kakuonekera.

Mu Word ndi PowerPoint, chizindikiro chikaikidwa ngati chithunzi chimafunika mawu ofotokozera, amene amatchedwa alt text. Mndandanda upangidwe ndi batani lake la mndandanda, osati potaipa timizere kapena timivi pamanja, kuti pulogalamu inene kuti pali mfundo zingati. Mu Word muli chida chotchedwa Accessibility Checker chimene chimagwira zithunzi zopanda mawu, ngakhale sichingakuuzeni kuti º wanu ndi wolakwika.

PDF ndi nkhani ina. Chikalata cha PDF chikhoza kuoneka bwino kwambiri koma mkati mulibe dongosolo lililonse. Chimafunika ma tag, zizindikiro zobisika zonena kuti uwu ndi mutu, ili ndi tebulo, ichi ndi chithunzi; muyezo wake wa dziko lonse ndi PDF/UA, umene unatuluka mu 2012. Mu PDF muli malo otchedwa ActualText pamene mungalembe chimene chizindikiro chachilendo chikuimira. Kusunga chikalata cha Word ngati PDF kudzera pa Save As kumatha kusunga ma tag, pamene kuchisindikiza kudzera pa Print to PDF kumawataya. Ndipo chofala kwambiri kwathu kuno, kalata yodindidwa chidindo imene wina waijambula ndi foni n'kuitumiza pa gulu, kwa screen reader ndi chithunzi chabe. Mapulogalamu ngati Seeing AI ndi Lookout amatha kuwerenga mawu a pachithunzi, koma pa zizindikiro zazing'ono, manambala a m'tebulo ndi pepala lokwinyika amaphonya. Amene akutumiza chithunzi cha kalata angathandize kwambiri polemba mfundo zake pansi.

## Masamu

Masamu ndiye pachimake pa vutoli, chifukwa tanthauzo lili pa malo amene nambala yakhala. Mukalemba 10 n'kukweza 2 pamwamba ndi batani la mu Word, woona awerenga 100, koma womvetsera akhoza kumva 102, poti kukwezako ndi chovala chabe. Samu yogawa yokhala ndi zinthu zingapo pamwamba pa mzere ikawerengedwa motsatizana, sizidziwika kuti za pamwamba zathera pati.

Yankho lake ndi MathML, njira yolembera masamu imene W3C inatulutsa mu 1998, yomwe imasunga kapangidwe ka samu: ichi chili pamwamba, ichi pansi, ichi ndi mphamvu. Kwa zaka zambiri Chrome sinkaionetsa, mpaka mu January 2023. Ndi zida ngati MathCAT, wophunzira akhoza kuyenda mkati mwa samu chidutswa ndi chidutswa, kapena kuilandira mu Braille ya masamu ngati Nemeth, imene inakonzedwa ndi Abraham Nemeth, katswiri wa masamu wosaona wa ku America. Kwa aphunzitsi okonza manotsi mu Word, poyambira ndi kulemba samu ndi chida cha Equation, m'malo moijambula ngati chithunzi kapena kuilumikiza ndi mipata.

## Udindo ndi wa ndani?

Malamulo alipo. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene Malawi inavomereza mu 2009, limanena m'ndime 9 ndi 21 kuti anthu olumala ayenera kupeza uthenga ndi zipangizo zamakono mofanana ndi ena. Ndondomeko imene mayiko ambiri amatsata pa masamba a intaneti ndi WCAG, imene mtundu wake wa 2.2 unatuluka mu October 2023, ndipo lamulo lake loyambirira ndi lakuti chilichonse chimene si mawu chikhale ndi mawu ochiimira. Ku Ulaya, kuyambira pa 28 June 2025, lamulo la European Accessibility Act likukakamiza mabanki, masitolo a pa intaneti ndi ogulitsa mabuku a pa kompyuta kuti ntchito zawo zifikire anthu olumala.

Koma pa funso loti akonze ndani, ngakhale akatswiri sagwirizana kwenikweni. Ena amati wolemba akagwiritsa ntchito chizindikiro cholondola wamaliza mbali yake, ndipo ngati pulogalamu sikuchitchula, akonze ndi opanga pulogalamuyo. Amachenjezanso kuti kuthandiza mopitirira kumawononga. Mukaphimba chizindikiro ndi mawu ataliatali, wowerenga Braille, amene kachipangizo kake kamaonetsa zilembo mwina 40 zokha pa nthawi imodzi, amalandira mawu anuwo m'malo mwa chizindikiro chachifupi chimene akuchidziwa kale. Ndipo kulemba liwu molakwika dala kuti limveke bwino pa pulogalamu imodzi kumalisokoneza pa ina ndi pa Braille. Ena amati wowerenga sangadikire zaka kuti makampani akonze zinthu pamene chidziwitso cha mayeso kapena cha mankhwala akuchifuna lero, choncho wolemba alembe m'njira imene ikugwira ntchito panopa. Mbali zonse ziwiri zimakumana pa mfundo zingapo: chizindikiro chikhale chenicheni osati chofanana nacho, tanthauzo lalikulu lisatsamire pa kachizindikiro kamodzi kokha, ndipo zolembazo ziyesedwe ndi khutu.

Kuyesako sikufuna ndalama. NVDA ndi yaulere, ndipo ili ndi kawindo kotchedwa Speech Viewer kamene kamalemba zonse zimene ikulankhula, kuti woona athe kuyerekeza ndi chikalata chake. Pa Android, TalkBack ili mu Settings pansi pa Accessibility. Dziwani kuti ikatseguka, kugunda kamodzi kumasankha chinthu ndipo kugunda kawiri ndiko kumachitsegula, ndiye phunzirani kaye kaizimitsidwe kake musanayambe. Koposa zonse, funsani munthu amene amaigwiritsa ntchito tsiku lililonse, chifukwa iye amamva zimene ife oyesa kwa mphindi 5 sitingazindikire. Mabungwe ngati Malawi Union of the Blind ndi a anthu oterewa.

Nditaweruka kumaliro kuja ndinakhala pansi ndi mnyamata amene analemba uthenga uja, n'kutsegula TalkBack pa foni yake yomwe. Anamvetsera uthenga wake mpaka kumapeto, kenako anaubwereza kachiwiri, akuyang'ana mawu akuda aja pamene foni inkawalumpha. Chidziwitso cha msonkhano wa chitukuko chimene anatumiza sabata yotsatira chinali m'zilembo wamba, tsiku ndi nthawi atazidetsa ndi tinyenyezi ta WhatsApp, ndipo alamu anga anali m'gulu la oyamba kuyankha kuti abwera.